Mawilo Awiri Kutsogolo, Limodzi Kumbuyo: Mafunso Anu pa Nkhani ya Kukhota

Makalata angapo amene tsamba lino lalandira akukamba za magalimoto ndi njinga za mawilo atatu, makamaka zija zokhala ndi mawilo awiri kutsogolo ndi limodzi kumbuyo, ndipo nkhawa ya ambiri ili pa mmene zimachitira zikafika pokhota. Ena mwa makalatawa afupikitsidwa kuti malo akwanire.

FUNSO: Akonzi, ine ndi mnzanga takhala tikutsutsana. Iye akuti galimoto ya mawilo atatu ndi yoopsa basi, kaya mawilo awiriwo ali kutsogolo kaya ali kumbuyo. Ine ndikuti ya mawilo awiri kutsogolo singagubuduzike pakona. Wolondola ndani?
Wowerenga wokonda za magalimoto

YANKHO: Bambo, mnzanuyo walakwitsa ponena kuti mitundu iwiriyi ndi yofanana, ndipo inu mwapyola malire ponena kuti ya mawilo awiri kutsogolo singagubuduzike. Imagubuduzika ndithu, kungoti chimene chimaigwetsa n'chosiyana ndi chimene chimagwetsa inzakeyo.

Galimoto iliyonse imaima pa malo amene matayala ake akhudza msewu. Mukalumikiza malo amenewo ndi mizere, ya mawilo anayi imatulutsa chithunzi cha ngodya zinayi, pamene ya mawilo atatu imatulutsa cha ngodya zitatu, chotambalala mbali imodzi n'chosongoka mbali inayo. M'kati mwa galimoto mulinso malo amodzi amene tingawatche phata la kulemera kwake konse, kuphatikizapo injini, mafuta, anthu ndi katundu. Mutamanga chingwe pamalo amenewo n'kuinyamula, galimotoyo singapendekere mbali iliyonse. Galimoto ikaima, kulemera kwake kumaloza pansi molunjika. Ikayamba kukhota, pamabwera mphamvu ina yoikankhira kunja kwa kona, ndipo mphamvu ziwirizi zikaphatikizana zimaloza pansi mopendekera kunja. Malinga ngati zikuloza m'kati mwa mizere ija, mawilo onse amakhala pansi, koma zikangodutsa mzere, wilo la m'kati mwa kona limanyamuka. Amene anakhalapo pa mpando wa miyendo itatu akudziwa kuti sugwa munthu akatsamira kumene kuli mwendo, koma umagwa msanga akatsamira pakati pa miyendo iwiri. Pa galimoto ya mawilo awiri kutsogolo, mzere wogwerawo umachokera pa wilo lakutsogolo la kunja kwa kona n'kupita mopingasa kukafika pa wilo lakumbuyo.

Tiike manambala ongoyerekezera kuti nkhaniyi imveke. Tinene kuti mawilo akutsogolo atalikirana masentimita 150, kuchokera pa iwo kukafika pa wilo lakumbuyo pali masentimita 240, ndipo phata la kulemera lili masentimita 50 kuchokera pansi. Galimotoyo ikanakhala ya mawilo anayi, kuchokera pakati kukafika pa mzere wogwera pakanakhala masentimita 75 paliponse, ndipo ikanagubuduzika pokhapokha mphamvu yokankhira m'mbali itafika 150 peresenti ya kulemera kwake, pakuti timagawa 75 ndi 50. Pa ya mawilo atatu, masentimita 75 aja amapezeka pa mawilo akutsogolo pokha, ndipo amanka nachepa mpaka kutheratu pa wilo lakumbuyo. Ngati mawilo akutsogolo asenza magawo awiri mwa magawo atatu a kulemera konse, mpata umene ulipo pa phata ndi masentimita 50, choncho malire ake ndi 100 peresenti. Akasenza theka lokha malirewo amatsika kufika pa 75 peresenti, ndipo akasenza gawo limodzi mwa atatu amafika pa 50 peresenti. Pamsewu weniweni manambalawa amatsikanso pang'ono chifukwa masipuling'i ndi matayala amafwamphuka. Tsono matayala abwino pa phula louma amagwira mpaka cha pa 80 kapena 90 peresenti asanayambe kuterereka, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse: galimoto yopangidwa bwino iyenera kuyamba kuterereka isanafike ponyamula wilo, chifukwa kuterereka kumapatsa dalaivala mpata wokonza zinthu pamene kugubuduzika sikudikira munthu.

Mnzanu uja akhoza kuyankha kuti masamu omwewa amagwiranso pa ya wilo limodzi kutsogolo, bola kulemera kukhale kumbuyo kumene kuli mawilo awiri, ndipo zimenezo n'zoona ngati galimoto ikukhota pa liwiro losasintha. Koma anthu sayendetsa choncho. Munthu akazindikira kuti walowa pakona mothamanga kwambiri, phazi limathamangira pa mabuleki, ndipo mabuleki amakankhira kulemera kutsogolo. Pa galimoto ya chitsanzo chathu, kumanga mabuleki ndi mphamvu ya 50 peresenti kumasunthira kutsogolo ndi masentimita 25 malo amene mphamvu zija zikuloza, kumene mpata ndi waukulu, ndipo malire amakwera kuchoka pa 100 kufika cha pa 116 peresenti. Mukaitembenuza galimoto yomweyo kuti wilo limodzi likhale kutsogolo, mabuleki omwewo amatsitsa malire kufika cha pa 84 peresenti, chifukwa kulemera kukuthawira kosongoka. Kufooka kwa ya mawilo awiri kutsogolo kumaonekera poonjezera moto pakati pa kona kapena pokhota pa chikweza, pamene kulemera kumabwerera kumbuyo. Komabe pa magalimoto ambiri mphamvu ya mabuleki imaposa kutali ya injini, ndiponso ndi anthu ochepa amene amaponda moto chifukwa cha mantha. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti mawilo awiri kutsogolo ndi amene amakhululukira dalaivala wolakwitsa.

Mbiri nayo ili ndi ponena. Galimoto ya Karl Benz ya 1886 inali ndi wilo limodzi kutsogolo chifukwa panthawiyo iye anali asanapeze njira yomukhutiritsa yowongolera mawilo awiri, koma pofika 1896 Léon Bollée wa ku Le Mans ku France ankagulitsa kale kagalimoto ka mawilo awiri kutsogolo. H.F.S. Morgan wa ku Malvern ku England anapanga yake yoyamba mu 1909, ndipo kampani yake inapitiriza kupanga mtunduwu mpaka 1952, n'kumapikisana nawo pa bwalo la mijaha la Brooklands. Mbali inayi kuli Reliant Robin ya 1973, ya wilo limodzi kutsogolo, imene inatchuka ndi mbiri yonyamula wilo pakona, komanso njinga zamoto zoyenda m'tchire za mawilo atatu, zimene makampani anagwirizana ndi boma la United States mu 1988 kuti aleke kugulitsa chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi.

FUNSO: Ndine wowotcherera zitsulo. Ndikufuna kudula njinga yamoto, kusiya injini ndi wilo lakumbuyo momwe zilili, n'kuikira mawilo awiri kutsogolo. Kodi ndisamale chiyani kuti isamandigwetse pakona?
Mmisiri wa zitsulo

YANKHO: Bambo, njira imene mwaitchulayi ndi yophweka kuwotcherera, koma ndi imenenso imatulutsa chinthu chogubuduzika msanga kuposa zonse. Pa njinga yamoto wokwera amakhala pamwamba ndiponso cha kumbuyo, ndipo zimenezi sizivuta pa mawilo awiri chifukwa njingayo imapendekeka pakona. Mukangoiletsa kupendekeka osasuntha mpando kapena injini, mwapanga galimoto imene phata la kulemera kwake lili pamwamba komanso kufupi ndi kosongoka. Choncho ntchito yoyamba si kuwotcherera koma kuyeza. Ikani sikelo pansi pa wilo lililonse, woyendetsa atakhala pampando ndipo thanki itadzaza, muone ngati mawilo akutsogolo akusenza cha pa 60 mpaka 70 peresenti. Akapanda kufika pamenepo, sunthirani injini kapena mpando kutsogolo, tsitsani mpandowo, kapena talikitsani kumbuyo kuti wilo lakumbuyo lichoke pansi pa munthu. Amene amapanga magalimotowa amachita zomwezi. Morgan ankaika injini yake poonekera, kutsogolo kwenikweni pakati pa mawilo, ndipo pa Polaris Slingshot, imene inatuluka mu 2014, injini ili kutsogolo ndipo anthu awiri amakhala moyandikana pafupi kwambiri ndi pansi.

Kupititsa kulemera kutsogolo kuli ndi malire ake. Wilo lakumbuyo likapepuka kwambiri limazungulira pachabe ponyamuka, ndipo pomanga mabuleki mwadzidzidzi likhoza kuchoka pansi. Muyeso wake ndi wofanana ndi uja wa m'mbali: gawani mtunda wochokera pa mawilo akutsogolo kukafika pa phata ndi kutalika kwa phatalo kuchokera pansi. Phata likakhala masentimita 80 kumbuyo kwa mawilo ndi masentimita 50 m'mwamba, yankho ndi 160 peresenti, ndipo palibe mabuleki amene angafike pamenepo. Likakhala masentimita 40 kumbuyo ndi 60 m'mwamba, yankho ndi 67 peresenti, zimene mabuleki abwino amapyola mosavuta. Makampani ena, monga Vanderhall ndi Arcimoto a ku United States, anathana ndi vuto la wilo lozungulira pachabe popereka mphamvu ya injini ku mawilo akutsogolo m'malo mwa lakumbuyo.

Chimene ambiri amaiwala ndi mawilo enieniwo. Tayala la njinga yamoto ndi lobulungira chifukwa linapangidwira kupendekeka, ndipo masipoko ndi mabering'i ake anazolowera mphamvu yobwera molunjika ndi wilo, osati yochokera m'mbali. Pa galimoto yosapendekeka, kona iliyonse imakankha wilo m'mbali ndi kupotokola chitsulo chogwira wilo lakumbuyo. Pamafunika mawilo olimba ndi matayala apansi pophwatalala ngati a galimoto, ndiponso kulimbitsa malo amene chitsulo chija chimalumikizana ndi thupi la njinga.

Tikafika pa chiwongolero, musamange mawilo awiri pa chitsulo chimodzi chozungulira pakati ngati cha ngolo. Wilo lililonse lizikhota pa mfundo yake. Pakona, wilo la m'kati limayenda njira yaifupi kuposa la kunja, choncho liyenera kukhota kwambiri, apo ayi matayala amakhula msewu n'kumakanirana. Kamangidwe kothetsa vutoli kanapezedwa ndi Georg Lankensperger wa ku Munich ndipo kanalembetsedwa ku England mu 1818 ndi Rudolph Ackermann, amene dzina lake ndi limene kamadziwika nalo. Njira yake yachidule ndi yakuti mizere iwiri yochokera pa mfundo yokhotera ya wilo lililonse, yodutsa pansonga ya kamkono kake kowongolera, ikakumane pa wilo lakumbuyo. Mfundo yokhoterayo ipendekere kumbuyo pang'ono cha kumwamba kwake kuti chiwongolero chizibwerera chokha pakati, ndipo ndodo zowongolera zifanane utali ndi kupendekeka kwake ndi mikono yogwira mawilo, chifukwa zikasiyana, wilo likagunda bampu limakhota lokha dalaivala asanalamule. Mabuleki a kumanzere ndi kumanja agwire mofanana ndendende, pakuti mbali imodzi ikagwira kwambiri galimoto imakokera komweko.

Pali chitsulo chopingasa chimene amalumikiza nacho mawilo a kumanzere ndi kumanja kuti thupi la galimoto lisamayedzeke kwambiri pakona. Pa galimoto ya mawilo anayi akatswiri amachigwiritsa ntchito pogawa mphamvu yoyedzeka pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, koma pa yanuyi kugawa koteroko kulibe, popeza wilo limodzi silingakanize kuyedzeka. Mawilo akutsogolo amasenza zonse. Ikanipo ndithu, chifukwa thupi likayedzeka wilo lakumbuyo limayedzeka nalo n'kuimira pa m'mphepete mwa tayala, koma musayembekeze kuti chitsulocho chingakonze galimoto imene kulemera kwake kuli pamalo olakwika. Mukamaliza, iyeseni isanayende: imangeni momasuka pa thabwa lolimba, muikepo katundu wolemera ngati munthu pampando, n'kumapendeketsa thabwalo m'mbali pang'onopang'ono. Wilo la kumtunda likanyamuka pa madigiri 45, malire ake ndi 100 peresenti, ndipo likanyamuka pa madigiri 37 ndiye kuti ndi 75 peresenti yokha. Isanalowe pamsewu wa anthu onse, ipimidwe ndi akuluakulu oona za chitetezo cha pamsewu.

FUNSO: Ndayendetsa njinga yamoto ya mawilo awiri kwa zaka zambiri. Posachedwapa ndinakwera ya mawilo atatu yosapendekeka, ndipo pakona inkafuna kunditaya panja, komanso inkaoneka ngati ikukana kupita kumene ndikufuna. Kodi vuto ndi njingayo kapena ine?
Woyendetsa njinga yamoto

YANKHO: Vuto ndi luso lanu lomwelo, Bambo. Pa njinga ya mawilo awiri imene ikuthamanga, munthu akafuna kukhotera kumanja amakankha pang'ono handulo ya kumanja kutsogolo. Wilo limaloza kumanzere kwa kamphindi, njinga imagwera kumanja, ndipo kupendekeka kumeneko n'kumene kumaikhotetsa. Oyendetsa ambiri amachita zimenezi osadziwa n'komwe kuti akuzichita. Pa njinga yosapendekeka, kukankha handulo ya kumanja kumaipititsa kumanzere basi, choncho munthu amene sanakwerepo njinga yamoto nthawi zina amaphunzira msanga kuposa katswiri ngati inu. Pano mukafuna kumanja mukoke handulo ya kumanja ndi kukankha ya kumanzere, ndipo mphamvuyo musaileke mpaka kona itatha.

Kumva ngati ikukutayani kumachokera pa mphamvu yokankhira kunja ija. Pa njinga yopendekeka mphamvuyo imakupanikizirani pampando, pamene apa imakukokerani m'mbali. Pondani mwamphamvu ndi phazi la kunja kwa kona, panikizani mawondo pa thanki, n'kupendeketsa thupi cha kutsogolo ndi m'kati mwa kona. Kuchita zimenezi kumathandiza inu komanso njingayo, chifukwa thupi lanu ndi gawo lalikulu la kulemera konse.

Chachikulu koposa ndi liwiro, pakuti mphamvu yokankhira kunja sikwera mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. Pa kona imene mtunda wochokera pakati pake kukafika pamene mukuyenda ndi mamita 30, liwiro la makilomita 40 pa ola limabala mphamvu ya 42 peresenti, la 55 limabala 79 peresenti, ndipo la 60 limabala 94 peresenti. Choncho chepetsani liwiro musanalowe pakona, dutsani pakati pake ndi moto wosasintha, ndipo muonjezere moto pokhapokha mahandulo akuwongoka. Mukamva wilo la m'kati likupepuka, bwezani moto pang'onopang'ono ndi kuwongolako mahandulo ngati malo alipo. Kukhotetsa kwambiri panthawi imeneyo n'kumene kumamalizitsa ngozi.

Mudzaonanso kuti ikafika pamalire pa liwiro losasintha, njinga ya mtunduwu imakonda kuterereka ndi mutu n'kumapita kunja kwa kona. Chifukwa chake n'chakuti kulemera kumachoka pa wilo la m'kati n'kuunjikana pa la kunja, ndipo tayala likasenza kuwirikiza kawiri siligwira msewu kuwirikiza kawiri, motero mawilo akutsogolo onse pamodzi amataya mphamvu yogwira. Khalidwe limeneli ndi labwino, chifukwa kungochepetsa liwiro kumalithetsa. Koma mukapatsa moto wambiri pakati pa kona zinthu zimatembenuka, popeza tayala limodzi lakumbuyo likugwira ntchito ziwiri, yokankha njinga ndi yoigwira kuti isapite m'mbali, ndipo likalemedwa, kumbuyo konse kumaponyedwa kunja, makamaka pamsewu wonyowa. N'chifukwa chake Can-Am Spyder, imene kampani ya BRP ya ku Valcourt ku Quebec inatulutsa mu 2007, inabwera ndi kompyuta yopangidwa mothandizana ndi kampani ya Bosch, imene imachepetsa mphamvu ya injini ndi kumanga buleki ya wilo loyenera ikangozindikira kuti wilo likunyamuka kapena kumbuyo kukuterereka. Pa njinga imeneyi mabuleki onse atatu amagwira ndi chopondera chimodzi cha phazi, chinthu chinanso chimene dzanja lozolowera kukoka buleki yakutsogolo liyenera kuphunzira. Kumbukiraninso kuti mukusiya mizere itatu pamsewu, choncho dzenje limene mawilo akutsogolo alilambalala pakati pawo limakumana ndi wilo lakumbuyo.

FUNSO: Ndinaona pa intaneti njinga zamoto za mawilo awiri kutsogolo zimene zimapendekeka pakona. Ine ndine wamfupi ndipo ndimaopa kugwa. Kodi zimenezi sizigwa?
Mayi wofuna kuphunzira kuyendetsa

YANKHO: Zimagwa, Mayi, ndipo ndi bwino kudziwiratu zimenezi musanagule. Njinga monga Piaggio MP3, imene inatuluka mu 2006, Yamaha Tricity ya 2014 ndi Yamaha Niken ya 2018 zili ndi mawilo awiri oyandikana kutsogolo, olumikizidwa ndi zitsulo zimene zimalola onse kupendekeka limodzi ndi thupi la njinga. Zimenezi sizidalira ngodya zitatu zija kuti ziime. Zimadalira kupendekeka, monga njinga ina iliyonse ya mawilo awiri, ndipo zimawongoleredwa mofanana nayo. Mukaima osatsitsa phazi, njingayo imagwa. Mitundu yambiri ya MP3 ili ndi batani lomanga zitsulo zija pamene njinga yatsala pang'ono kuima, kotero kuti imaima chilili, ndipo chomangiracho chimamasuka chokha mukapatsa moto; Niken ilibe chimenechi.

Phindu lake lili kwina. Pa njinga ya mawilo awiri, tayala lakutsogolo likaterereka pakona, kawirikawiri munthu amakhala wagwa kale asanazindikire. Pakakhala matayala awiri, limodzi likaponda mchenga kapena mafuta linzake limakhala likugwirabe, ndipo mabuleki akutsogolo amagwira molimba pamsewu wonyowa. Kupendekeka kumachititsanso kuti njingazi zikhale zopapatiza popanda kuopa kugubuduzikira kunja, chifukwa njinga ikapendekeka moyenera mphamvu zonse zimadutsa pakati pake. MP3 imapendekeka mpaka madigiri 40 ndipo Niken mpaka 45, zimene zikufanana ndi mphamvu ya m'mbali ya 84 ndi ya 100 peresenti. Pamenepo zitsulo zimafika pothera, ndipo wopitirira malirewo amayamba kunyamula limodzi mwa mawilo akutsogolo. Mtengo wa zonsezi ndi kulemera, pakuti kutsogolo kwa njingazi n'kolemera kuposa kwa zinzake, ndipo munthu wamfupi amakumva kwambiri poikankha ndi manja kapena poyenda pang'onopang'ono.

Malamulo nawo anakhudza kamangidwe kake. Ku mayiko a European Union, mawilo awiri otalikirana osapitirira mamilimita 460 amawerengedwa ngati wilo limodzi, choncho Piaggio inatulutsa MP3 ina yotalikirana mamilimita 465 kuti iwerengedwe ngati ya mawilo atatu, imene m'mayiko angapo munthu angaiyendetse ndi laisensi ya galimoto. Laisensi yotero siphunzitsa munthu kupendeketsa njinga, ndiye inu mukaphunzire kaye ngati mmene amaphunzirira oyendetsa njinga yamoto.

FUNSO: Bwanji osawongolera ndi wilo lakumbuyo, mawilo akutsogolo n'kungokhala olunjika? Zikuoneka zosavuta kupanga.
Wophunzira za umakaniko

YANKHO: N'zosavutadi kupanga, ndipo galimoto yotero imatembenuka pamalo ochepa kwambiri, n'chifukwa chake makina onyamula katundu m'nyumba zosungiramo zinthu amawongoleredwa kumbuyo. Koma makinawo amayenda pang'onopang'ono. Liwiro likakwera, kuwongolera kumbuyo kumavuta pa zifukwa ziwiri: kuti galimoto ithawe chinthu chimene chili kumanzere, kumbuyo kwake kumayamba kwapita kumanzere komweko, ndiponso n'kovuta kupanga wilo lakumbuyo kuti lizibwerera lokha pakati, kotero kukhota pang'ono kumakonda kukula m'malo mochepa. Buckminster Fuller anayesa njirayi mu 1933 pa galimoto yake ya Dymaxion, imene injini yake ya Ford V8 inkayendetsa mawilo awiri akutsogolo pamene wilo limodzi lakumbuyo linkawongolera. Anapanga zitatu zokha, ndipo yoyamba inagubuduzika ku Chicago mu October chaka chomwecho n'kupha woyendetsa, ngakhale kuti pa ngoziyo panakhudzidwanso galimoto ina. Toyota i-Road ya 2013 inkawongolera kumbuyo, koma kompyuta ndi imene inkaipendeketsa, ndipo liwiro lake silinkapitirira makilomita 60 pa ola.

FUNSO: Ndili ndi njinga yopalasa ya bokosi la katundu kutsogolo, pakati pa mawilo awiri. Ikadzaza imayenda bwino, koma ikakhala yopanda kanthu imanyamula wilo ngakhale pa kona yaing'ono. Kodi yawonongeka?
Mayi wonyamula katundu pa njinga

YANKHO: Sinawonongeke, Mayi, ikuchita zimene kamangidwe kake kamalamula. Bokosi likadzaza, phata la kulemera limakhala pansi ndiponso pakati pa mawilo awiri, kumene mpata ndi waukulu. Likakhala lopanda kanthu, chinthu cholemera chokha ndi inuyo, ndipo mwakhala pa chishalo chachitali pafupi ndi wilo lakumbuyo, kumene mpata watsala pang'ono kutha. Njinga zambiri za mtunduwu, monga za Christiania zofala ku Copenhagen ku Denmark, zimakhota bokosi lonse pamodzi ndi mawilo ake pa mfundo imodzi yapakati, ndipo bokosi likakhota kwambiri, mawilo amachoka m'mbali mwa njinga, lina n'kupita kutsogolo lina n'kubwerera kumbuyo, kotero kuti kutambalala kumene mumadalira kumachepa panthawi yomwe mukukufuna kwambiri. Za Nihola, zochokera mumzinda womwewo, bokosi lake silisuntha ndipo mawilo okha ndi amene amakhota, choncho sizitaya kutambalala kwake motero.

Poyenda chopanda katundu, lowani pakona pang'onopang'ono kuposa mmene mumachitira mutanyamula, pendeketsani thupi m'kati mwa kona, ndipo musaimirire pa mapedulo pamene mukukhota. Samalani kwambiri msewu ukakhala wopendekera kunja kwa kona, chifukwa kupendeka kwa msewuko kumadya gawo la mpata wanu musanayambe n'komwe kukhota. Popakira, zolemera zikhale pansi pa bokosi, pakati, ndiponso pamwamba pa mzere wa mawilo kapena kumbuyo kwake pang'ono, osati kutsogolo kwenikweni kumene zingapepule wilo lakumbuyo pomanga mabuleki. Zimangidwe kuti zisatsetserekere kunja pakona, musakweze munthu pa kaliyala wakumbuyo bokosi lili lopanda kanthu, ndipo mpweya wa m'matayala awiri akutsogolo uzikhala wofanana nthawi zonse.